Mphika umene ungadikire wokha: zophikiratu za mgonero woyenda khomo ndi khomo

Mgonero woyenda khomo ndi khomo umayenda motere: anthu oyandikana nyumba amapangana tsiku, tizakudya toyambira amakadyera kunyumba yoyamba, chakudya chachikulu kunyumba yachiwiri, zotsukira mkamwa kwachitatu, ndipo ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, khofi ndi tiyi kwachinayi. Ku Britain ena amautcha safari supper, ku America progressive dinner. Ubwino wake ndi woonekeratu. Palibe banja limene limasenza mtolo wonse lokha, ndipo ngakhale wa kanyumba kakang'ono amalandirako alendo kwa ola limodzi popanda kubuula.

Koma pali munthu mmodzi amene dongosololi limamutchera ndale: amene wagweredwa ndi chakudya chachikulu. Ambiri amaganiza kuti vuto lake ndi kuchuluka kwa odya. Ayi, anthu 12 mphika waukulu umawakwanira. Vuto ndi lakuti pa ola lenilenilo limene wophika amayenera kukhala ali kukhitchini, iye amakhala ali pabalaza pa aneba, tambula ili m'manja, akuseka nawo nkhani. Ndipo pobwerera kwawo sabwera yekha. Gulu lonse limakhala lili pambuyo pake, wina akufunsa pokoleka jekete, wina akufunsa njira ya kubafa.

N'chifukwa chake funso lakuti "kodi chimenechi chingaphikidwe dzulo lake?" silokwanira. Pafupifupi chilichonse chingaphikidwe dzulo lake. Ine ndimayeza chakudya ndi mafunso ena. Kodi chingathe kukhala chokha ola limodzi ndi theka popanda wochiyang'anira? Gulu likachedwa ndi mphindi 40, monga limachedwera nthawi zonse chifukwa kunyumba yoyamba ndi kumene nkhani zimakoma, kodi chiwonongeka? Nanga kuyambira potsegula chitseko kufika popakula, padutsa mphindi zingati? Zikapitirira 15, ndondomeko ya usiku wonse yakhota, ndipo wa zotsukira mkamwa adzalandira alendo oodzera.

Nyama yophika pang'onopang'ono mumsuzi

Ndiyambe ndi imene ndimaikhulupirira. Mayiko ambiri ali ndi mtundu wawo: boeuf bourguignon wa ku France wophikira mu vinyo wofiira, goulash wa ku Hungary wa paprika, tagine wa ku Morocco wa nyama ya nkhosa ndi zipatso zouma. Mayina ndi osiyana koma nzeru ndi imodzi. Mumatenga nyama yolimba, ya paphewa, ya pakhosi kapena ya m'miyendo, imene chiweto chimaigwiritsa ntchito tsiku lonse, mumaikazinga kaye kuti ifiire, kenako mumaiphika mumsuzi pamoto wochepa kwa maola awiri ndi theka kapena atatu.

Nyama yotereyi imakhala ndi mitsempha yoyera yambiri, ndipo m'mitsemphamo muli collagen. Ikatenthedwa nthawi yaitali pamadigiri opitirira 70 (madigiri onse m'nkhani ino ndi a Celsius), collagen amasungunuka n'kusanduka gelatin. Gelatin ndi amene amachititsa kuti msuzi uzimata pamilomo ndiponso kuti nyama izidulika ndi supuni. Ndiyenso chifukwa chake nyamayi siopa kutenthetsedwa kachiwiri. Steki yofewa ya pamsana ilibe mitsempha yochuluka chonchi, ndiye mukaiphika nthawi yaitali imangofinyika madzi n'kuuma ngati chikopa. Pano nyama yotsika mtengo imaposa yodula.

Kugona usiku kumaithandiza. Mchere ndi zokometsera zimalowerera, ukali wa anyezi, adyo ndi vinyo umatsika, ndipo mafuta amayandama n'kuundana pamwamba moti m'mawa mumangowatukula ndi supuni. Ngati mwaphika nthuli imodzi yaikulu, iduleni ikadali yozizira. Yotentha imanyenyeka pansi pa mpeni, koma yozizira imadulika magawo ofanana bwinobwino, ndipo magawowo mumawabwezera mumsuzi.

Patsikulo ntchito ndi yochepa. Musanachoke panyumba, terekani mphika pachitofu mpaka uwire, mukutakasa kuti pansi pasapserere. Kenako vundikirani bwino n'kuika mu uvuni wa madigiri 90 mpaka 100, kapena thirani mu slow cooker (mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono) imene mwaitenthetsa kale. Pamenepo ungakhale maola awiri osadandaula. Gulu likachedwa, nyama imangofewerako. Mukafika ndi kungovundukula, kuwaza timasamba ta parsley, n'kuyamba kupakula.

Ili ndi zofooka zake. Sikongola m'maso, tisanamizane. Ndi chakudya chabulauni m'mbale, ndipo mtundu mumachita kuubweretsa ndi saladi kapena masamba obiriwira. Karoti ndi bowa zophikira limodzi kuyambira poyamba zimafika tsiku lachiwiri zitaphwanyika, choncho ndibwino kuziphika pazokha n'kuzithira potenthetsa. Ine ndimaphulanso nyamayo itatsala mphindi ngati 20 kuti ipse kwenikweni, popeza idzapsa kachiwiri mawa ndi kachitatu mu uvuni. Komanso msuzi wogona umataya kuwawasa pang'ono, umamveka wolemera. Supuni imodzi ya viniga kapena madzi a ndimu pomaliza imaudzutsa.

Ngozi yeniyeni ya mphika waukulu siili pakuphika, ili pakuziziritsa, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa zikukhudza njira zonse zimene zikubwera. Mabakiteriya oyambitsa matenda a m'mimba amaswana pakati pa madigiri 5 ndi 60. Mmodzi wa iwo, Clostridium perfringens, ndi mnzake wa miphika ya nyama ndi msuzi. Timbewu take timapulumuka pophika, ndiye chakudya chikamazizira pang'onopang'ono timadzuka n'kuyamba kuswana, makamaka pakati pa mphika pamene palibe mpweya. Chakudyacho sichinunkha, sichisasa, chimakoma bwinobwino. Mumadziwira m'mawa wake mseu wonse ukutsegula m'mimba. Lamulo la FDA, bungwe la ku America loona za zakudya ndi mankhwala, kwa ophikira anthu ambiri ndi lakuti chakudya chitsike kuchoka pa madigiri 57 kufika pa 21 m'maola awiri, kenako chifike pa madigiri 5 m'maola ena anayi. Mphika wa malita 8 woikidwa wathunthu mufiriji sungakwanitse zimenezo. Kunja kumazizira, pakati pamakhalabe pofunda mpaka usiku, ndipo umafunditsanso mkaka ndi zina zonse za mufirijimo. Gawani ndiwozo m'mathireyi osaya, kuya kwake kusapitirire masentimita 5, kapena imikani mphika musinki ya madzi ozizira ndi ayezi mukutakasa. Potenthetsa, pakati penipeni pafike madigiri 74. Ndipo phikani tsiku limodzi kapena awiri phwando lisanafike. Ngati mukufuna kuphika kale kuposa apo, ikani mufiriza, n'kutsitsira mufiriji kutatsala tsiku lathunthu kuti zisungunuke.

Lasagne ndi anzake a m'thireyi

Awa ndi amene anthu ambiri amathamangira, ndipo ndikumvetsa. Lasagne ya ku Italy ya pasta wafulati wosanjikiza ndi msuzi wa nyama ndi tchizi, moussaka ya ku Greece ya mabiringanya, cottage pie ya ku Britain ya nyama yogaya pansi pa mbatata ya kachewere yonyenya: zonsezi zimatuluka mu uvuni zitafiira pamwamba, alendo n'kuombera m'manja. Mumadula magawo, palibe wolanda mnzake nthuli. Sizifuna choperekeza china kupatula saladi ndi buledi. Mungaziyale dzulo lake, ngakhale sabata ziwiri m'mbuyo ngati firiza ilipo.

Koma zili ndi msampha, ndipo ine ndinagweramo ndi miyendo yonse. Chaka china ndinayala lasagne ya anthu 14 m'thireyi imodzi yakuya, poganiza kuti ndapulumutsa malo. Ndinaichotsa mufiriji, kuiika mu uvuni wa madigiri 180, kutchera nthawi ya mphindi 45 monga ndimachitira ndi yongoyala kumene, n'kupita kwa aneba mtima uli m'malo. Titafika, fungo linatilandira pakhomo. Pamwamba panali pofiira, m'mphepete mukubwata. Nditalowetsa mpeni pakati, unatuluka wozizira ngati ndaubaya mu yogati. Zimene zinatsatira ndi kudula magawo n'kumawalowetsa awiriawiri mu microwave, alendo akutha buledi yense, wina akuti "musavutike, tikudikira" ndi mawu a munthu wanjala. Kunyumba yachitatu tinafika titachedwa ndi ola.

Kutentha kumalowa m'chakudya chokhuthala pang'onopang'ono kwambiri, kuchokera m'mphepete kupita pakati. Mathireyi awiri osaya amapsa msanga ndiponso mofanana kuposa imodzi yakuya. Yochokera mufiriji imafuna mphindi zina 15 mpaka 20, ndipo theka loyamba la nthawiyo izikhala yovundikira ndi foyilo kuti pamwamba pasapse pakati pasanatenthe. Musakhulupirire maso. Ngati mulibe choyezera kutentha, lowetsani mpeni pakati, werengani mpaka 10, utulutseni n'kuukhudzitsa pamkono. Ukhale wotentha moti simungausiye pamenepo. Thireyi yagalasi musaichotse mufiriji n'kuiponya mu uvuni wotentha kale, chifukwa galasi limatha kusweka likasintha kutentha mwadzidzidzi. Pasta wogona usiku amamwa madzi, choncho msuzi wa lasagne yoyaliratu ukhale wamadzimadzi kuposa nthawi zonse.

Njira imene ndimatsata tsopano ndi kuiphika mpaka ipse ndisanachoke, kuivundikira ndi foyilo, n'kutsitsa uvuni pa madigiri 90. Lasagne imafuna kupuma mphindi 15 kapena 20 isanadulidwe, apo ayi imangoyenderera m'mbale, ndiye kudikirako kumaithandiza. Koma chipiriro chake chimathera pa ola limodzi. Kupitirira apo m'mphepete mumauma ndipo tchizi amasanduka labala. Pa atatuwa, moussaka ndi yopirira kwambiri, chifukwa imakoma ili yofunda chabe, osati yotentha moto. Cottage pie ndi yachiwiri, popeza mbatata ya pamwambayo imasunga kutentha ngati bulangeti. Makaroni a tchizi ndi pasta wina wa kirimu asiyeni: akadikira amamwa msuzi wonse n'kugwirana ngati njerwa.

Ganiziraninso za uvuni wanu. Mathireyi awiri amadzaza uvuni wamba, osasiya malo a buledi kapena mbale zofunditsa. Ndipo kuyala lasagne ndi ntchito ya masana athunthu: msuzi wa nyama, msuzi woyera, kuyala, kutsuka mapoto atatu. Nyama ya mumsuzi imadya nthawi ya moto. Lasagne imadya nthawi ya manja anu.

Curry, chili ndi miphika ya nyemba

Pamafunso atatu aja, awa amapambana mofanana ndi nyama ya mumsuzi, ndipo ali ndi mwayi umodzi umene enawo alibe. M'gulu la anthu 12 simulephera kukhala wina wosadya nyama, wina wosadya nkhumba, wina amene tirigu amamudwalitsa. Ndi curry kapena chili (ndiwo ya tsabola ya nyama yogaya ndi nyemba) mumakazinga anyezi, adyo, tomato ndi zokometsera mumphika umodzi, kenako mumagawa pawiri: uku nkhuku kapena nyama yogaya, uku nyemba ndi masamba. Wosadya nyama amadya chofanana ndi anzake, osati kambale kapadera komvetsa chisoni. Lasagne ziwiri zosiyana ndi ntchito iwiri. Curry ziwiri ndi ntchito imodzi ndi kachidutswa.

Ubwino wina ndi wa mipando. Si nyumba zonse zili ndi tebulo la anthu 12. Ngati ena adzadyera pasofa mbale ili pamiyendo, chakudya chofuna mpeni chagwa kale pampikisano. Curry ndi chili zimadyeka ndi supuni.

Pali zoyenera kusamala. Tsabola ikhale yochepa mumphika, yambiri patebulo. Simudziwa lilime la mneba wanu. Yogati ndi kirimu muzithira pomaliza, chifukwa zikawira zimadukaduka, ndipo mkaka wa kokonati nawo sufuna kubwata mwamphamvu. Ya nkhuku muziphika ndi ntchafu, osati nyama ya pachifuwa, imene imauma ikatenthetsedwa kawiri. Ya nsomba kapena prawns, phikirani msuzi wokha dzulo lake, nsombayo mudzaiponyemo mutafika. Imapsa m'mphindi zisanu, pamene alendo akusamba m'manja. Miphika ya nyemba ndi lentils imalimba ikagona, ndipo ndi yoyamba kupserera pansi, ndiye onjezerani madzi ndipo musaisiye pamoto wa pansi popanda wotakasa. Ngati mwathira mtedza wa mtundu uliwonse, nenani poyera. Kwa ena ndi nkhani ya kuchipatala.

Chenjezo limodzi la chili silofunika kulinyozera. Nyemba zofiira zouma zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, amene amasanzitsa koopsa. Amatha nyembazo zikaviikidwa kenako n'kubwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Slow cooker payokha siifika pakubwata koteroko, choncho nyemba zosaphika siziyenera kulowamo mwachindunji. Za m'chitini ndi zophika kale, zilibe vutoli.

Ndipo funsani wa nyumba yoyamba kuti akonza chiyani. Ngati iye apereka supu, inu n'kupereka curry, alendo adya mbale ziwiri zamadzi motsatizana. Pamenepo lasagne kapena nkhuku ya mu uvuni imapeza mwayi.

Zowotcha

Nkhuku yathunthu yowotcha ndi nthuli ya ng'ombe yowotcha ndi zakudya zabwino za tsiku lina. Zili ndi mphindi yake imodzi imene zimakoma, ndipo mphindiyo simungaidziwe muli kunyumba ya wina. Nkhuku iyenera kufika madigiri 74, koma ikapitirira pang'ono chabe pachifuwa pamauma, ndipo khungu lokhukhutika bwino lija limafewa mukalivundikira. Ng'ombe yofiirira pakati singadikire ola popanda kupsereratu kapena kuzizira. Kuwonjezera apo, kudula magawo 12 kumakutengerani mphindi zonse 15 zija mutafulatira alendo.

Ziwiri zokha zimapulumuka. Ntchafu za nkhuku zoyala m'thireyi ndi msuzi pang'ono, ndimu, adyo ndi maolivi zimapirira chifukwa zili ndi mafuta ndi mitsempha. Mungaziviike m'zokometsera dzulo lake, kuziwotcha musanachoke, n'kuzisunga mu uvuni wotsika, ndipo ndi zogawika kale, aliyense imodzi kapena ziwiri. Ina ndi phewa la nkhumba lowotcha pamoto wochepa kwa maola 6 kapena kuposa, mpaka pakati pafike madigiri opitirira 90, nyama n'kumanyenyeka ndi mafoloko. Imatenthetseka bwino mukaithira madzi ake omwe. Koma kunena zoona imeneyi ndi nyama ya mumsuzi ija itangovala malaya ena, ndipo ndi collagen yemweyo akugwira ntchito.

Chakudya chachikulu chozizira

Njira imeneyi anthu amaiiwala. Nsomba ya salmon yophika m'madzi osawira kwenikweni n'kuiziziritsa, ng'ombe yowotcha dzulo yodula mopyapyala, quiche (payi ya mazira ndi kirimu), saladi ya nkhuku yokhutitsa. Pafunso la mphindi palibe woiposa: kutsegula firiji, kuchotsa chovundikira, kuika patebulo. Palibe moto wosiya woyaka, palibe choopa gulu likachedwa. Ng'ombe yowotcha imene yalephera pamwambapa, pano imapambana, popeza mumaiphula pa nthawi yake muli chilili pafupi nayo. M'nyengo yotentha, anthu atayenda kale mtunda, palibe amene akulakalaka mphika wotuluka nthunzi.

Mtengo wake mumalipira ndi malo a mufiriji, chifukwa mbale zazikulu zafulati zimadya mashelefu onse. Komanso usiku wozizira chakudyachi chimamveka ngati nkhomaliro yochedwa, makamaka ngati toyambira tija tinalinso tozizira. Chinthu chimodzi chotentha pambali, monga timbatata ting'onoting'ono ta batala, chimakonza zimenezo. Patebulo chisakhale maola opitirira awiri, ndipo kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Musachiyaliretu patebulo pochoka poganiza kuti mwachenjera.

Choperekeza ndi chimene chimagwetsa anthu

Ndaona kangapo ndiwo zili zokonzeka, koma gulu likudikira mpunga. Mwasankha mphika wodikira wokha, ndiye musauphatikize ndi chinthu chofuna mphindi 25 ndi maso anu.

Mpunga uli ndi ngozi yakeyake. Umakhala ndi timbewu ta Bacillus cereus timene timapulumuka pophika, ndipo ukasiyidwa wofunda kwa maola, bakiteriyayu amatulutsa poizoni amene kutenthetsa sikumupha. Rice cooker imathetsa nkhaniyi, chifukwa imaphika yokha n'kusunga mpunga pamwamba pa madigiri 60. Ngati mulibe ndipo mukufuna kuphikiratu, uyaleni pathireyi uzizire msanga, ulowe mufiriji pasanathe ola, mudye mkati mwa tsiku limodzi, ndipo muutenthetse kamodzi kokha mpaka utuluke nthunzi ponseponse.

Couscous, timibulu ting'onoting'ono ta ufa wa tirigu, ndi bwenzi la wophika wa usiku umenewu: madzi owira, mchere, batala, kuvundikira mphindi zisanu, kupalasa ndi foloko. Mbatata yonyenya imakhala bwino mu slow cooker kapena m'mbale yovundikira mu uvuni ngati mwaithira batala ndi mkaka wokwanira. Koma mbatata ya zidutswa yophikira mumsuzi musaiike mufiriza, imatuluka yamadzimadzi ngati siponji. Buledi amafuna mphindi zisanu mu uvuni. Pasta wophikiratu amamatana, ndipo wophika pomwepo amafuna mphika waukulu wa madzi uwire kaye, ndiye ine ndimamusiya. Saladi tsukani, umitsani, ikani mufiriji, msuzi wake m'kabotolo kapadera.

Moto ukatsala wokha

Zonse ndanenazi zikudalira funso limene banja lililonse liyenera kuyankha lokha: kodi mudzasiya chinthu choyaka m'nyumba mulibe munthu? Pachitofu, makamaka cha gasi, yankho ndi ayi, ngakhale moto utachepa bwanji. Slow cooker ndi rice cooker zinapangidwira kukhala zokha, bola zikhale pamalo afulati, kutali ndi makatani ndi mapepala. Kumbukirani kuti slow cooker ndi yosungira kutentha, si yotenthetsera chakudya chochokera mufiriji. Imakwera pang'onopang'ono kwambiri moti chakudya chimakhalitsa m'madigiri oopsa aja. Tenthetsani pachitofu kaye.

Uvuni wotsika ambiri amausiya, ena mtima suwalola. Amene suwalola ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mmodzi wa m'banjamo azembe kunyumba yoyamba kutatsala mphindi 20. Nyumba zili pafupi, ndipo palibe amene amakhumudwa. Yachiwiri siifuna magetsi: mphika wolemera, wodzaza, wongophula kumene ukubwata, muukulunge m'matawulo n'kuutsekera mu cooler box. Mphika wodzaza umasunga kutentha kwa ola limodzi kapena awiri. Wa theka umazizira msanga. Mukafika yezani, ndipo ngati watsika pansi pa madigiri 60, uwiritseninso musanapakule. Njira imeneyi imagwira pa nyama ya mumsuzi, curry ndi chili. Pa lasagne ndi ntchafu zowotcha siithandiza kwenikweni, chifukwa thireyi yosaya imataya kutentha msanga ndipo nthunzi imafewetsa pamwamba.

Za muyeso, musaphike ngati ndinu nokha odyetsa. Alendo adya kale kwina ndipo akukadyanso kwina. Magalamu 150 mpaka 180 a nyama yaiwisi yopanda mafupa pa munthu ndi okwanira, kutanthauza makilogalamu awiri pa anthu 12. Musadabwe ikachepa mumphika, nyama yophika nthawi yaitali imafota pafupifupi ndi gawo limodzi mwa atatu. Thireyi ya lasagne ya masentimita 23 ndi 33 imatulutsa magawo 8 aakulu kapena 12 ang'onoang'ono. Mpunga kapena couscous, magalamu 60 osaphika pa munthu.

Ndikamasankha, ndimayamba ndi kuyang'ana nyengo ndi gulu. Usiku wozizira, onse odya nyama, tebulo lilipo: ng'ombe ya mumsuzi ndi mbatata yonyenya. Gulu losakanikirana kadyedwe kapena mipando yochepa: curry ziwiri zochokera mumphika umodzi. Nyengo yotentha: chozizira ndi chotentha chimodzi pambali. Lasagne ndimaiphika pokhapokha ngati ndikudziwa kuti wa nyumba yoyamba amasunga nthawi, kapena pali wina wovomera kuzemba msanga kukayang'ana uvuni, ndipo kuyambira chaka chija mathireyi amakhala awiri.

Tebulo liyalidwe masana. Mbale zikhale pansi mu uvuni zikufunda, chifukwa msuzi wotentha pambale yozizira umaundana mafuta munthu womaliza asanapakule. Supuni zopakulira zikhale pafupi ndi malo a mphika, nsalu zogwirira zotentha pamwamba pa chivundikiro. Chomaliza chimene ndimachita ndisanatseke chitseko ndi kuyeza couscous m'mbale yaikulu, kuwaza mchere, kuika batala pamwamba, n'kudzaza ketulo, kuti ndikangolowa dzanja lina lidine ketulo lina likulandira majekete.